Banjo ya Mwana Wanu si Mlandu

Abale ndi alongo a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati, mantha alowa pakati pa anyamata oimba mabanjo a zigubu ndi a makwaya a m'midzi. Amva kuti nyimbo zili ndi lamulo, ndipo ena apachika mabanjo kudenga. Tiyeni timvetsane.

Lamulo loteteza eni nyimbo linakhazikitsidwa mu 1989, bungwe la COSOMA linayamba nchito mu 1992, ndipo lamulo latsopano linadza mu 2016. Likuti nyimbo ndi ya mwini wake moyo wake wonse, ndi zaka 50 iye atamwalira. Ife sitidana nalo. Allan Namoko anamveka pa wailesi dziko lonse, koma anamwalira mu 1995 wopanda chuma. Munthu wothira nyimbo mazanamazana m'mafoni a anthu pa boma la Mwanza, nalandira ndalama, akukolola m'munda wa mnzake. Ameneyo akatenge chiphaso.

Koma mnyamata wosema banjo yekha, namanga waya wa buleki ya njinga, naphunzira zala pakhonde madzulo, wabera yani? Kodi Namoko sanayambe chomwecho? Mukaopsa ameneyu, mawa woteteza mudzamsowa, pakuti oimba sagwa kumwamba.

Za nyimbo za makolo, mverani bwino. Lamulo likuti Boma lizisunga m'malo mwa a Malawi onse, ndipo chilolezo chifunika kwa iye wofuna kupindula nazo kapena kuzichotsa pa mwambo wake. Tsono ng'oma ya pa chinamwali ndi nyimbo ya pamtondo zilibe msonkho. Wina akakuuzani zina, mfunseni kalata yomtuma.

Chotiwawa nchakuti lamulo la 2016 linalola kamsonkho pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko. Mlimi wogulitsa manachesi nagula foni waponyako kale yake m'nkhokwe imeneyo. Mwa oimba, olandirako ndi olembetsa okha, ndipo ofesi zolembetsera zili kutali m'mizinda. Kwaya ya ku Thambani idziwa bwanji njira?

Chifukwa chake Nthambi ino ipempha akulu a COSOMA adze ku Mwanza, afotokoze lamulo m'Chichewa pabwalo la mfumu, nalembe oimba athu konkuno. Apampando a m'midzi abweretse kwa Mlembi maina a magulu onse oimba nyimbo zopeka okha, msonkhano ukudzawu usanafike, kuti kalata yathu ipite ndi maina.