Mfuti ya Mpikisano Siisulidwa pa Khonde

Pa 30 July 2024, ku Châteauroux m'dziko la France, katswiri wa ku Britain, Bambo Nathan Hales, adaswa timbale tadothi 48 mwa timbale 50 timene makina adamponyera m'ndime yotsiriza ya mpikisano wa trap, natenga mendulo yagolide pa masewera a Olympic. Munthu wopenyetsetsa mfuti za akatswiri otere amaona msanga kuti zambiri siziri monga zidatulukira m'sitolo. Mtengo wake uja wotsamiritsa paphewa umakhala wodulidwa, wokwezedwa, kapena wokhala ndi tizitsulo tosunthira, kuti ugwirizane ndi thupi la mwini wake. Tsono ndi chikhalidwe cha munthu kuti akaona mnzake wapambana amayamba kunyoza chida chake, ndipo alipo oombera a m'makalabu ang'onoang'ono amene amati akalephera Loweruka, Lamulungu atenga tupa, sowo ndi choboolera nayamba kukonza okha mfuti zao. Funso loyenera kuliganizira bwino ndi lakuti dzanja la mwini mfuti liyenera kulekezera pati.

Masewera amenewa adayamba ndi nkhunda zamoyo, zimene zinkatsekeredwa m'timabokosi ndi kuulutsidwa pamaso pa woombera. M'chaka cha 1880 George Ligowsky wa ku Cincinnati, m'dziko la America, adatulukira kambale kadothi kouluka ngati mbalame, ndipo mu 1921 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain idaletsa kuombera mbalame zogwidwa pa mpikisano. Bungwe loyendetsa masewerawa ku England, la Clay Pigeon Shooting Association, lidakhazikitsidwa mu 1928. Lero kambale ka pa Olympic nkotakata mamilimita 110, kolemera magalamu 105, ndipo pa trap makina amakaponya mtunda wa mamita 76. Woombera amayesedwa ndi timbale 125 asanalowe ndime yotsiriza, ndipo kuphonya kamodzi kokha kungathe kumchotsa pa mndandanda wa opambana. Nchifukwa chake anthu a masewerawa amadera nkhawa ngakhale kanthu kakang'ono ka pa mfuti zao.

Nkhawa imeneyi iri ndi maziko. Mfuti yachifefe siiponya chipolopolo chimodzi ai, koma timibulu ta mtovu pafupifupi 300 timene timamwazika potuluka. Ndiponso iribe choyang'anira cha kumbuyo monga mfuti ya asilikali. Diso la woombera ndilo limagwira ntchito imeneyo, ndipo malo a diso amakhazikitsidwa ndi pamene tsaya lagona pa mtengo. Aphunzitsi a masamu angathe kuyesa nkhaniyi pa bolodi. Kuchokera pa diso kufika kukamwa kwa mfuti pali pafupifupi mita imodzi. Diso likasuntha mamilimita 5, pakati peni peni pa timibulu tija pamasuntha masentimita oposa 17 pa mtunda wa mamita 35, ndiko kuti koposa kutakata kwa kambale komwe. Munthu wa khosi lalitali ndi mnzake wa mapewa otakata sangaombere bwino ndi mtengo wofanana, monganso sangavale jekete limodzi. Amisiri adazindikira zimenezi kale. Mu 1889 W. P. Jones wa ku Birmingham adalembetsa mfuti yoyesera imene mtengo wake umasunthika mbali zonse, kuti muyeso wa munthu upezeke mtengo weni weni usanasemedwe.

Pa mbali iyi ya mtengo, mwini mfuti ali ndi ufulu waukulu, ndipo palibe chifukwa chomletsera. Angathe kuika mphira kumapeto kwa mtengo kuti mfuti isamgugude kwambiri paphewa, kuonjezera utali wake, kukweza pogona tsaya ndi chikopa, kapena kuika cholemera pang'ono kuti mfuti ikhazikike bwino m'manja. Akatero apite pa chitsulo chopakidwa penti woyera chimene makalabu ambiri ali nacho, aombere, naone kumene timibulu tagwera. Ubwino wa ntchito zimenezi ngwakuti zonse nzobwezeka. Munthu akalakwitsa amachotsa chimene adaika, ndipo chimene wataya ndi ndalama pang'ono ndi timbale tingapo tophonyedwa.

Komatu nkhani ya chitsulo nja mtundu wina. Pa mfuti zambiri zachifefe, khoma la mpope chakutsogolo silifika milimita imodzi kuchindikala kwake. Wonga ukayaka m'mfuti ya nambala 12, malamulo a ku Ulaya amalola kuti kukankha kwake kufike 740 pa muyeso wotchedwa bar, pamene tayala la galimoto wamba limapopedwa pang'ono kupitirira 2. Kukamwa kwa mpope kumakhala kopanikizika pang'ono kuti timibulu tisamwazike msanga, ndipo amisiri amakutcha choke. Luso limeneli lidafalitsidwa ndi W. W. Greener wa ku Birmingham kuyambira mu 1874, ndipo kupanikizika kwakukulu kumene oombera amagwiritsa ntchito nkwa milimita imodzi yokha. Munthu amene akupala m'kati mwa mpope, kuuboola, kapena kutalikitsa malo olowera machaka, akuchotsa chitsulo pamene chitsulo nchochepa kale, ndipo alibe zida zoyesera chimene chatsala. Chitsulo chikachoka sichibwerera. Chimodzimodzi iye amene apala tizitsulo ta chokhethemulira kuti chifewe. Angathe kudutsa kakhungu kouma ka pamwamba pake, ndipo mfuti yotere imayamba kulira yokha poitseka kapena ikagundidwa.

Boma la Britain lidaona vuto la mipope yophulika zaka mazana apitawo. Mu 1637 Mfumu Charles I idapereka chikalata kwa bungwe la amisiri a mfuti a mu London, la Worshipful Company of Gunmakers, nilipatsa mphamvu yoyesa mfuti. Mu 1813 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa nyumba ina yoyesera mfuti ku Birmingham, ndipo nyumba ziwirizi zikugwirabe ntchito mpaka lero potsata lamulo la Gun Barrel Proof Act la 1868 ndi zosintha zake za 1950 ndi 1978. Kachitidwe kake nkosavuta kumva. Mfuti imapimidwa, kenaka imaombedwa ndi machaka apadera okankha koposa machaka wamba ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, munthu ali patali. Ikapirira imapimidwanso nidindidwa chizindikiro pa chitsulo, ikalephera imakanidwa. Maiko ambiri a ku Ulaya amavomerezana zidindo zao kupyolera m'bungwe la C.I.P., limene lidayambira ku Liège mu 1914, ndipo Britain adalowamo mu 1980.

Mfundo yaikulu ya lamuloli njakuti chidindo chimachitira umboni mfuti monga idaliri pa tsiku loyesedwa. Mpope ukakulitsidwa m'kati kupitirira malire oikika, kapena ukafooketsedwa mwa njira ina, chidindocho chimatha mphamvu, ndipo kugulitsa kapena kusinthanitsa mfuti yotere isanayesedwenso ndi mlandu. Apa nkoyenera kuona amene lamulo likumteteza. Mfuti yabwino imakhala zaka zambiri kuposa mwini wake, nidutsa m'manja ambiri. Wogula wa m'tsogolo sangathe kuona ndi maso kuti khoma la mpope lidapalidwa pa khonde la munthu wina zaka makumi awiri zapitazo. Chimene ali nacho ndi chidindo chokha, ndipo ngati chidindo chinama, iye ndiye adzalipira ndi zala kapena diso.

Palinso malamulo ena okhwima koposa. Lamulo la Firearms Act la 1968 limati kufupikitsa mpope wa mfuti yachifefe kuti uchepere mainchesi 24 ndi mlandu, ndipo chilango chake chingafike zaka 7 m'ndende, pakuti mfuti yofupikitsidwa ndi chida cha achifwamba. Pambuyo pa ngozi ya ku Hungerford mu 1987, pamene munthu mmodzi adapha anthu 16, lamulo la 1988 lidakhazikitsa kuti mfuti yosungidwa ndi laisensi wamba yachifefe isakhale ndi mosungira machaka motenga oposa awiri. Ulipo mpikisano wina wothamanga ndi kuombera zinthu zambiri motsatizana, umene umafuna mfuti yotenga machaka ochuluka. Wofuna kulowamo ayenera kupempha laisensi yapamwamba kwa apolisi. Iye amene aonjezera yekha mosungiramo popanda laisensiyo wasandutsa mfuti yake yololedwa kukhala yosaloledwa, ngakhale mtima wake unali pa masewera okha.

Oyendetsa masewera nawonso adaika malire ao. Bungwe la International Shooting Sport Federation silola mfuti yaikulu kuposa nambala 12, kapena machaka a timibulu toposa muyeso wa magalamu 24. Limaletsa magalasi oyang'anira oikidwa pa mfuti, lamba wokolekera, ndi chokhethemulira cha mtundu uja wolira pamene chala chikuchoka. Cholinga chake nchakuti mpikisano uyese diso, dzanja ndi kudekha kwa munthu. Kotero zambiri za zinthu zimene wokonza yekha amazilakalaka sizikadamthandiza ngakhale zikadatheka bwino, pakuti woyang'anira masewera akadamtulutsa asanaombe nkamodzi komwe.

Otsutsa ali ndi mau ao, ndipo si mau opanda pake. Amati amisiri a mfuti ngochepa, ntchito yao njodula, ndipo kudikira nkwa nthawi yaitali. Amatinso luso lambiri la mfuti lidachokera kwa anthu oyesayesa, ndipo kuletsa kuyesa ndiko kupha nzeru. Mau oyambawo ngoona, koma ndalama za mmisiri sizingafanane ndi dzanja lodulidwa. Achiwiriwo amaiwala kuti Greener ndi Jones anali amisiri a ntchitoyo, ndi kuti mipope ya amisiri onse a ku Birmingham inkayenera kudutsa pa nyumba yoyesera isanafike kwa wogula. Lamulo silitsekereza woyesayesa. Limangomfunsa kuti chimene wapanga chiyambe chapirira moto pamalo pamene palibe munthu pafupi.

Mpata umodzi ulipo m'lamuloli, ndipo suyenera kubisidwa. Lamulo la zidindo limagwira wogulitsa, koma silimletsa munthu kusunga mfuti yake yopalidwa ndi kuombera nayo. Ena anganene kuti zimenezo nzake, popeza thupi ndi lake. Komabe pa trap oombera amaima asanu ndi mmodzi m'gulu, mmodzi pambali pa mnzake, woyang'anira ali kumbuyo kwao, ndipo chidutswa cha mpope wophulika sichisankha mwini wake. Udindo wotseka mpata umenewu uli pa makomiti a makalabu ndi pa ophunzitsa masewerawa. Iwo ali ndi mphamvu yofunsa za mfuti yooneka yokonzedwa ndi kuikaniza kufikira mmisiri ataipima, ndipo nkwabwino kukwiyitsa membala mmodzi kusiyana ndi kunyamula mnzake kupita naye ku chipatala.

Nkhaniyi yakula m'zaka zino chifukwa cha mtovu. Mbalame za m'madzi zimameza timibulu ta mtovu nizifa ndi ululu wake, kotero England adayamba kuletsa mtovu m'madambo mu 1999, ndipo maiko a European Union adauletsa m'madambo ao onse kuyambira mu February 2023. Ambiri akutembenukira ku timibulu tachitsulo, timene sitifinyika podutsa pakamwa popanikizika monga mtovu umachitira, ndipo tingathe kutupitsa mpope wa mfuti yakale. Eni mfuti zotere akufuna kukulitsa kukamwa kwa mipope yao, ndipo yesero lakuchita okha ntchitoyi ndi lalikulu. Njira yoongoka iripo kale: mmisiri apime mpope, agwire ntchitoyo ngati chitsulo chikulola, ndipo nyumba yoyesera iri ndi chidindo chapadera, cha duwa lotchedwa fleur-de-lys, cha mfuti zopirira machaka amphamvu a timibulu tachitsulo.

Awerengi amene adakulira kumudzi sali alendo pa nkhani imeneyi. Akudziwa gogodera, mfuti yothira wonga kukamwa, imene ina inkasulidwa ndi mipope wamba yosayenera moto, ndipo adamva za alenje amene mfuti zotere zidawaphulikira m'manja. Wosula gogodera analibe nyumba yoyesera kumene akadapita nayo. Woombera wa mpikisano ku Britain ali nazo ziwiri, ndipo akazilambalala alibe chodzikanira. Akale adati safunsa adadya phula. Mphunzitsi amene amayang'anira ana m'chipinda cha ntchito zamanja, ndi wantchito wa Boma amene amadinda zikalata tsiku ndi tsiku, onse akudziwa kuti chidindo ndi lonjezo kwa munthu amene sadzaonana naye. Mwini mfuti aseme mtengo wake monga afunira, kufikira utagona bwino pa tsaya lake. Chitsulo achipereke kwa mmisiri, ndipo mmisiri achipereke kwa woyesa.