Tisathamangire Kupaka Matabwa a Pakhonde

Amayi anzanga, walira mvula walira matope. Dzinja likapita limatisiyira chakudya m'nkhokwe, koma limasiyanso ndere, chuku ndi zipsera pa matabwa a pakhomo. Nsanamira za khonde zimada, chitseko chimatupa, ndipo benchi yokhalapo alendo imachita mawangamawanga. Ino ndiyo nyengo yokonza zimenezi, kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Okutobala, mvula ina isanabwere. Mawu anga sabata ino ndi amodzi: thabwa lisapakidwe kanthu lisanayere ndi kuuma bwinobwino.

Ambiri a ife kuno ku Ntcheu timagula matabwa a paini pakuti ndiwo otsikirapo mtengo. Mlombwa ndi mbawa, mitengo yolimba ija ankapangira zitseko makolo athu, yasowa ndipo yakwera mtengo. Tsono paini ndi wofewa. Amamwa madzi msanga, ndipo chiswe chimamkonda. Khonde lake likalekereredwa zaka zochepa chabe, nsanamira zimafumbwa kunsi, denga nkuyamba kuwerama. Ndalama zogulira matabwa atsopano ndi kulipira kalipentala zikadathandiza pa feteleza kapena pa sukulu ya ana.

Ntchito yoyamba ndi kutsuka. Sesani fumbi lonse, ndi kuchotsa zinyalala zotsakamira m'mipata ya matabwa, pakuti m'menemo ndimo mukhala chinyontho. Kenaka tengani ndowa ya madzi, sopo waufa ndi burashi yolimba. Kwechani motsata mizere ya thabwa, osati mopingasa. Pamene pali chuku chakuda, thirani Jik pang'ono m'madzi ambiri, pakani, dikirani mphindi 10, nkutsukuluza. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira, chifukwa mpweya wotuluka pamenepo umapweteka m'chifuwa.

Anzathu a m'tauni ena amabwereka makina opopera madzi mwamphamvu, onga aja atsukira magalimoto. Ku South Africa ndi ku maiko a azungu, kumene makonde ambiri amayalidwa ndi matabwa, makinawa ndiwo agwira ntchito imeneyi. Amafulumizadi, koma afuna dzanja losamala. Madzi ake akayandikira kwambiri amakumba paini, nasiya mikwasa ndi tizibanthu tobaya ana kumapazi. Wogwiritsa ntchito asankhe kamwa yomwaza madzi motambalala, aitalikitse ndi thabwa masentimita 30, ayambe wayesa pakona posaonekera, ndipo dzanja lisaime malo amodzi. Asalozetse makinawo kwa munthu, pakuti madziwo amang'amba khungu. Wopanda makina asadandaule. Burashi ndi mkono zimafika pomwepo, ndipo siziononga thabwa.

Ntchito yachiwiri ndiyo ivuta ambiri: kudikira. Pamwamba pa thabwa pamauma tsiku lomwelo, koma m'kati mumakhala mukadali madzi. Ku chigwa cha Bwanje, monga ku Sharpevale ndi ku Kasinje, kumene dzuwa limaomba kwambiri, masiku 2 kapena 3 akwanira. Ku mapiri a Tsangano ndi Lizulu, kumene nkhungu imagona mpaka m'mawa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, onjezerani masiku ena. Mukapaka vanishi pa thabwa lonyowa, mwatsekera madzi m'kati. Khonde lidzawala sabata zingapo, kenaka vanishi adzayera ngati phulusa nayamba kusupuka, thabwa likuola kunsi kwake. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Thabwa likauma, lipaleni ndi sandipepala. Yambani ndi wokhakhala wa nambala 80, mutsirize ndi wosalala wa nambala 120, motsatanso mizere. Misomali yotuluka ikhomereni. Mangani kansalu kukamwa ndi kumphuno, ndipo mukatha pukutani fumbi lonse. Tsopano dontheza­ni madzi pang'ono pathabwapo. Akalowa, thabwa lakonzeka kulandira mafuta. Akangokhala timadontho pamwamba, ndiye kuti zopaka zakale zikadalipo, ndipo muyenera kupalanso.

Nanga tipake chiyani? Pa benchi, mipando ndi zitseko zokhala pamthunzi, vanishi ndi wabwino. Pamene pamafika dzuwa ndi mvula, mafuta a linseed aposa vanishi, chifukwa amalowa m'thabwa ndipo sasupuka, ngakhale afuna kubwereza chaka ndi chaka. Kunsi kwa nsanamira, kumene chiswe chimayambira, pakani mankhwala otetezera matabwa monga Solignum. Oyilo wakutha wa galimoto, amene ena amakonda, asapakidwe pamene pakhala anthu kapena pokwawa ana, pakuti ndi woipa pakhungu. Pakani mopyapyala, m'mawa mame atauma kapena madzulo dzuwa litapepa, kawiri kapena katatu, ndipo musabwereze zoyambazo zisanaume. Musaiwale kumapeto kwa thabwa, kumene anadula ndi sowo, chifukwa ndiko kumwa madzi koposa. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed musaziunjike pamodzi, pakuti zimatentha zokha mpaka kuyaka moto. Ziyanikeni motambasula panja, kutali ndi denga la udzu.

Amayi a kumudzi, nzeru imeneyi si yachilendo kwa inu. Pozira khonde ndi mtsiro mumayamba mwasesa ndi kutseka ming'alu, ndipo simulola mwana kupondapo pasanaume. Chitani chimodzimodzi ndi matabwa. Pozirapo, dothi lisakwirire tsinde la nsanamira kapena kunsi kwa mphuthu za chitseko, popeza dothi lokhudza thabwa ndiwo mlatho wa chiswe. Kumbaninso kangalande kuti madzi a padenga asamaime patsinde pa khonde.

Potsiriza ndipempha magulu athu a amayi kuti ntchitoyi tiigwire mothandizana. Chitini chimodzi cha mafuta chikhoza kukwanira makomo angapo, ndipo burashi imabwerekedwa. Sonkhani, gulani pamodzi, tsukani makonde onse sabata ino, nkudzapaka sabata yamawa. Potero masiku odikira aja adzakwana okha, ndipo mvula ya Novembala idzapeza matabwa athu ali otetezedwa.