Timagalimoto tachitsulo ndi mbiri ya pamsewu, si banki

M'chaka cha 1953 kampani ya Lesney Products ya ku London inatulutsa kachidole kokwana m'bokosi la machesi: kamakina kosalaza msewu, kobiriwira, kachitsulo kokhakokha. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti Jack Odell, katswiri wa zikombole pakampaniyo, anali ndi mwana wamkazi amene kusukulu kwawo ankalola chidole chokhacho chotha kulowa m'bokosi la machesi. Bamboyo anamukonzera kamodzi, anzake a m'kalasi anakasirira, ndipo dzina la Matchbox linayambira pamenepo. Patha zaka zoposa 70, ndipo ambiri amene akusakasaka timagalimoto totere lero ndi anthu aimvi, ena ali ndi zidzukulu zawo.

Anthu amawaseka. Amafunsa kuti munthu wamkulu, wandevu zake, angamawononge bwanji ndalama pa zidole za ana. Funsoli lili ndi yankho lomveka bwino, chifukwa kagalimoto kotere kamasunga luso ndi mbiri. Chodandaulitsa n'chakuti ena mwa otolera timagalimoto akulifooketsa okha yankholo, posandutsa chinthu chosangalatsa ndi chophunzitsa kukhala katundu wodikira kukwera mtengo.

Luso lake limayambira m'ng'anjo. Chitsulo chimene amagwiritsa ntchito, chotchedwa zamak, ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu, magineziyamu ndi mkuwa pang'ono. Amachisungunula pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 400, kenako makina amachikankhira mwamphamvu m'chikombole cha chitsulo cholimba, mmene munagobedwa kale mizere ya zitseko, zogwirira, nyali ndi chizindikiro cha kampani. Pakangotha kamphindi thupi la kagalimoto limatuluka litauma. Ntchito yaikulu ili pa chikombolecho: wochigoba akaphonya ngakhale pang'ono pokhota denga kapena potsetsereka boneti, munthu wodziwa magalimoto amaona nthawi yomweyo kuti Peugeot iyi si Peugeot.

Kukula kwake nakonso kuli ndi masamu. Pabokosi pakalembedwa 1:18, ndiye kuti galimoto yeniyeni yachepetsedwa ka 18, moti galimoto yotalika mamita 4.5 imakhala masentimita 25, yokhala ndi zitseko zotseguka, injini yooneka ndi chiwongolero chokhotetsa mateyala. Pa 1:43 galimoto yomweyo imapitirira pang'ono masentimita 10, ndipo muyeso umenewu unachokera ku zidole za sitima zapamtunda, chifukwa timagalimoto toyambirira tinkapangidwa kuti tizikongoletsa m'mbali mwa njanji zazidolezo. Pa 1:64 imangokhala masentimita 7, yokwana m'thumba la malaya a mwana wasukulu.

Makampani opanga timagalimoto analimbana kwambiri, ndipo mpikisano wawowo ndi mbiri payokha. Dinky Toys inayamba mu 1934 kufakitale ya Meccano mumsewu wa Binns Road ku Liverpool, pansi pa Frank Hornby, ndipo kwa zaka zambiri panalibe woigwedeza. Mu 1956 kampani ya Mettoy inabweretsa Corgi Toys kuchokera ku Swansea ku Wales, ndi chinthu chimodzi chimene Dinky inalibe: mawindo apulasitiki oonekera mkati. Mu 1965 Corgi inatulutsa Aston Martin DB5 ya James Bond, yopentedwa mtundu wa golide, yoti ukadina kabatani denga limatseguka ndipo kamunthu kokhala pampando wa wokwera kamaponyedwa kunja. Inagulidwa ndi anthu mamiliyoni.

Kenako kunabwera Amereka. Mu 1968 kampani ya Mattel, motsogozedwa ndi Elliot Handler, inatulutsa timagalimoto 16 toyamba ta Hot Wheels, ta penti yonyezimira ndi mateyala opepuka omangidwa pa kawaya kowonda, tothamanga mtunda wautali ukangotikankha pang'ono. Ana anatembenukira komweko. Matchbox inayankha mu 1969 ndi mateyala ake a Superfast, koma makampani a ku Britain sanabwererenso mwakale. Fakitale ya Dinky ku Liverpool inatsekedwa mu 1979, Lesney inagwa mu 1982, Mettoy inatsatira mu 1983, ndipo kuyambira 1997 dzina la Matchbox lili m'manja mwa Mattel yomweyo. Munthu akatembenuza kagalimoto n'kuwerenga pansi pake, amaona ulendo wonsewu: takale talembedwa England, totsatira Macau kapena China, tatsopano Thailand kapena Malaysia. Kusamuka kwa mafakitale kuchoka ku Ulaya kupita ku Asia, kumene akatswiri a zachuma amalemba m'mabuku akuluakulu, kwalembedwa pansi pa chidole.

Phindu lenileni la ntchito yotolerayi lili pamenepa. Magalimoto enieni amachita dzimbiri, amaphwasulidwa, amathera kwa ogula zitsulo. Timagalimoto timatsala. Corgi inapanga Volkswagen ya mpikisano wa East African Safari, yokhala ndi kachipembere m'bokosi momwemo, ndipo amene ali nayo amakhala ndi poyambira kufotokoza mpikisano umene unkadutsa m'matope a Kenya, Uganda ndi Tanzania, umene Peugeot 404 inapambana kanayi m'zaka za m'ma 1960. Malole a Bedford ndi ma Land Rover amene achikulire a kuno amawakumbukira m'misewu yafumbi alipo m'timabokosi ta Dinky, Corgi ndi Matchbox. Tomica, imene kampani ya Tomy ya ku Japan inayambitsa mu 1970, imapanga magalimoto wamba a m'dzikolo, kuphatikizapo Toyota Hiace, Probox ndi Sienta, omwewo amene lero akunyamula anthu ndi katundu ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Pakadzatha zaka 30 ambiri mwa magalimoto amenewa adzakhala atachoka pamsewu, koma mdzukulu wa dalaivala adzatha kugwira m'manja kofanana ndi kamene kanalipira sukulu ya bambo ake.

Tsoka ilo, nkhani zimene zimamveka kwambiri n'za ndalama. Yotchuka ndi ya kabasi ka Volkswagen kapinki kotchedwa Beach Bomb, kamene Mattel inayesa kupanga mu 1969. Kanali kowonda ndi kolemera kumwamba, moti sikankayenda bwino panjira zapulasitiki za Hot Wheels, choncho anakasintha kasanafike m'sitolo ndipo kunangotsala towerengeka toyeserera. Kamodzi kali ndi wotolera wa ku America, Bruce Pascal, ndipo mtengo wake umayerekezedwa kupitirira madola 100,000. Anthu akamva zimenezi mitima imadumpha. Kuyambira 1995, pamene Mattel inayamba kusakaniza timagalimoto tosowa ta Treasure Hunt m'makatoni wamba, kunabuka madobadoba amene amadikirira pakhomo la sitolo m'mamawa, kusesa tosowato, n'kukatigulitsa pamsika wa pa intaneti wa eBay pamtengo woboola m'thumba. Mwana wobwera ndi mayi ake masana amapeza zotsalira.

Amene amaganiza kuti akusunga chuma m'kabati ayenera kuphunzira pa zimene zinachitika ku Britain m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Anthu akuluakulu anagula mwaunyinji timagalimoto ta Models of Yesteryear ta Matchbox ndi ta Days Gone ta kampani ya Lledo, tambiri tolengezedwa kuti tapangidwa tochepa. Sanatitsegule, anatisunga m'mabokosi mwake kudikira tsiku la phindu. Popeza aliyense anachita chimodzimodzi, lero tili mbwee m'misika ya zinthu zakale, tanyuwani, ndipo tambiri timagulitsidwa motchipa zedi. Dinky ya m'ma 1950 yokhala ndi bokosi lake imadula chifukwa ana a nthawi imeneyo ankang'amba bokosi tsiku lomwelo n'kukaseweretsa galimotoyo mumchenga mpaka penti kutha. Zimene aliyense akusunga sizisowa, ndipo chosasowa sichikwera mtengo.

Ngakhale chitsulocho sichilonjeza kanthu. Timagalimoto tina ta Dinky topangidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe tinatupa, kung'aluka ndi kuyoyoka tokha chifukwa zinki wake anali ndi mtovu pang'ono. Matendawa alibe mankhwala, ndipo chinyontho chimawafulumizitsa.

Pali wina amene anganene kuti m'nyengo ino, pamene ufa ndi mafuta zikudula, nkhani yonseyi ndi ya anthu okhuta. Akunena zoona ngati tikukamba za timagalimoto ta 1:18 ta AUTOart kapena Minichamps, timene kamodzi kokha kangadye malipiro a mwezi a anthu ambiri. Koma ntchitoyi siyambira pamenepo. Ku America kagalimoto wamba ka Hot Wheels kakhala kakugulitsidwa pafupifupi dola imodzi kwa zaka zambiri, ndipo kuno milu ya zidole zakaunjika imakhala ndi ta Matchbox, Majorette ya ku France ndi Siku ya ku Germany, tokalika ndi tosowa teyala, pamtengo wofikirika. Otolera ambiri kunja amakonda totere. Amaboola timisomali tapansi, kuchotsa penti yakale, kuwongola mawaya a mateyala, kupentanso, mpaka kagalimoto kamene kanatayidwa kabwerere pamzere.

Dziko lino silachilendo pa luso lotere. Ana akhala akupinda mawaya n'kupanga magalimoto okhala ndi chiwongolero chachitali ndi mateyala a zitsekerero za mabotolo, mpaka mlembi wa ku America Karen Lynn Williams analemba buku la ana lotchedwa Galimoto mu 1990 lonena za mnyamata wa ku Malawi wochita zomwezo. Mwana wopinda waya kuti denga la minibasi lioneke ngati la Hiace akugwiritsa ntchito diso lomwelo limene wogoba chikombole wa Corgi ankagwiritsa ntchito.

Wofuna kuyamba asathamangire kugula chilichonse chimene waona. Asankhe mutu umodzi, kaya malole, kaya ma ambulansi, kaya magalimoto okhawo amene anawakwerapo, ndipo pa kalikonse alembe m'kope dzina, kampani, dziko ndi chaka cholembedwa pansi, podziwa kuti nthawi zambiri chakacho n'cha chikombole osati cha tsiku limene kagalimotoko kanapangidwa. Asunge pamalo ouma, kutali ndi dzuwa limene limasuwitsa penti ndi kufewetsa mateyala, ndiponso kutali ndi ana osakwana zaka 3 amene angameze tizidutswa. Ana okulirapo awatsegulire kabatiyo, awauze kuti Bedford iyi inkanyamula chiyani, Land Rover iyo inkadutsa misewu yotani, ndipo awalole kutiyendetsa pamkeka ngakhale penti ikalike.