Musanagulitse koneti yakale ya mpingo kwa a sikirapu

Mipingo yambiri m'makomboni a Lusaka ili ndi kabati momwe mumagona malipenga osalira. Ku Matero, ku Chawama kapena ku Kanyama, mukafunsa a bandi ya Boys' Brigade kapena ya Salvation Army, akutulutsirani koneti yakuda bii, yophwanyika pena, mavalavu atauma gwa, n'kukuuzani kuti, "Iyi inatha kalekale, bambo." Masiku ano koneti yotere sikhalitsanso m'kabati. Ogula zitsulo zakale akuzungulira m'komboni ndi sikelo, ndipo bulasi amagula pamtengo wabwinoko kuposa chitsulo wamba. Koma koneti imalemera kilo imodzi ndi pang'ono chabe, moti ndalama yake imathera pa ndiwo za masiku ochepa.

Si koneti iliyonse yakale yomwe ili ndi phindu. Zambiri zinathadi ntchito. Chimene chimandiwawa n'chakuti komiti ya mpingo imagamula osaiyang'ana bwino, pamene chida chimenechi chimanena chokha kumene chinachokera, zaka zake, ngakhalenso matenda ake.

Yambani ndi kukamwa kwake kotambasuka kuja. Pukutani ndi kansalu kofewa konyowa, muwerenge zolembedwazo padzuwa. Makoneti ambiri amene anafika kuno nthawi ya Northern Rhodesia ndi zaka zoyamba za ufulu anali a ku Britain, ndipo mayina ake amathandiza kwambiri. Mukaona Hawkes & Son kapena Boosey & Co., koneti imeneyo ndi ya m'ma 1930 kapena m'mbuyo mwake, chifukwa makampani awiriwa anaphatikizana mu 1930 n'kukhala Boosey & Hawkes. Dzina la Besson ndi losokoneza pang'ono. Kampaniyi inayambira ku Paris, inakhazikika ku London, kenako Boosey & Hawkes inaigula mu 1948, koma dzina linapitirirabe mpaka lero. Besson yolembedwa keyala ya 198 Euston Road ndi ya kale ndithu. Ya Salvation Army ndi yosavuta kuizindikira: mpingowu unali ndi fakitale yakeyake ku St Albans kuyambira 1901 mpaka 1972, ndipo malipenga ake amakhala ndi chizindikiro cha mpingo ndi mayina monga Triumphonic kapena Bandmaster. Ikalembedwa "Made in Czechoslovakia" ndiye kuti inapangidwa chisanafike chaka cha 1993, ndipo "Made in GDR" sipitirira 1990, pakuti mayiko amenewa anasiya kutchedwa choncho.

Pali misampha iwiri. Opanga akale ankakonda kulemba mamendulo amene anapambana pa zionetsero, nthawi zina ndi chaka chake chomwe, ndiye munthu amaona chakacho n'kuyesa kuti ndi chomwe koneti inapangidwa. Ayi, chaka chimenecho chimangokuuzani kuti koneti ndi ya pambuyo pake. Msampha wina ndi wa makoneti otsika mtengo a ku India amene amadindidwa mayina ofanana ndi a ku London. Zilembo zake zimakhala zosazama, zokhotakhota, ndipo mavalavu amagwedera ngakhale koneti ili yatsopano. Chodalirika ndi nambala yodindidwa pa nyumba ya valavu yapakati, kapena pafupi ndi dzina. Ndandanda za manambala a Besson ndi Boosey & Hawkes zilipo pa intaneti, ndipo mabuku enieni a fakitale amasungidwa ku Horniman Museum ku London. Wachinyamata aliyense wa foni angathe kupeza chaka, kapena kuphonya ndi zaka ziwiri zitatu.

Koma nkhani imene ndikufuna aphunzitsi a mabandi aimve bwino ndi ya kukwera kwa mawu. Mabandi a bulasi a ku Britain ankaliza pa mlingo wokwera, womwe noti ya A inali pafupifupi 452, pamene mayiko anagwirizana pa 440 kuyambira 1939. Mabandiwo anakakamirabe mlingo wawo mpaka m'ma 1960, pamene opanga analeka kupanga malipenga a mlingo wokwera. Atasintha, malipenga ena anawatalikitsa mipope, koma ena anatsala momwemo, ndipo mwa otsalawo alipo amene anaperekedwa ngati mphatso ku mipingo ya kunja. Kusiyana kwa 452 ndi 440 kumayandikira theka la kakwerero kamodzi ka mawu, ndipo khutu lililonse limakumva. Ndiye taganizirani mnyamata wa ku komboni ya George amene wapatsidwa koneti yotere chifukwa ndiye wamng'ono pagulu. Amaliza noti zolondola, zala zake zili m'malo, koma pakati pa anzake mawu ake amamveka osemphana. Aphunzitsi amamudzudzula kuti alibe khutu. Amalimbitsa milomo, amaifewetsa, amatopa, ndipo pomaliza amapempha kuti apite ku ng'oma kapena amangosiya kubwera. Ndaonapo ana otere akuchita manyazi pa maliro opita ku manda a Chingwere, pamaso pa khamu, chifukwa cha vuto limene linapangidwira m'fakitale agogo awo asanabadwe. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zisanu: tsegulani pulogalamu yoyezera mawu pa foni, woliza bwino awombe noti imodzi osasindikiza valavu, mpope waukulu utakokedwa pang'ono monga mwa masiku onse. Ngati singano ikuthamangira kumtunda ngakhale mutakoka mpope mpaka kutsala pang'ono kugwa, vuto si mwana. Yang'ananinso pa mpope waukuluwo: mukaona timphete towonjezera tosiyana mtundu ndi thupi lonse, ndiye kuti wina anaitalikitsa kale, ndipo chimenecho ndi chizindikiro china cha zaka zake.

Moyo wa koneti uli m'mavalavu. Kuphwanyika kwa kunja kumawongoleka, zomatira zikamatuka zimamatidwanso, kachikopa ka potulutsira madzi kamasinthidwa ndi ndalama yochepa. Koma valavu ikaperepeseka, mpweya umathawira m'mbali ndipo mawu amatuluka ofooka. Kokani kampope ka valavu imodzi osaisindikiza: ikakhala yolimba mumamva "pho!" pamene kampopeko kakutuluka. Mukapanda kumva kanthu, mpweya ukudontha. Tulutsani valavuyo muone ngati khungu lake loyera lasupuka n'kuonetsa chikasu mkati. Muonenso manambala 1, 2, 3 odindidwa pa iliyonse, chifukwa makoneti ena amene amati anafa angosinthanitsidwa mavalavu ndi mwana wotsuka, ndipo mukawabwezera m'malo mwake amalira tsiku lomwelo.

Kenako yang'anani mpope woyamba, umene umachokera pakamwa pa woliza. Bulasi ndi msanganizo wa mkuwa ndi zinki, miyala yomwe ife a ku Zambia timaidziwa kuchokera ku Copperbelt ndi ku Kabwe. Malovu akakhalitsa mkati amadya zinki n'kusiya mkuwa wofumbutuka, ndipo kunja kumaoneka timadontho tofiirira. Timadontho timeneto timayambira mkati, ngati nankafumbwe m'chimanga, moti pamene mukutiona mpope wayamba kale kuboola. Kakakhala kamodzi kapena tiwiri, koneti ingagwirebe ntchito zaka zambiri. Tikadzaza, mpope wonse uyenera kusinthidwa.

Zambiri zimene zimapha makonetiwa timachita tokha ndi mtima wabwino. Kachitsulo kapakamwa kakakanirira, wina amatenga pulayala n'kupotokola mpope wonse. Valavu ikauma, wina amathira mafuta ophikira, omwe amagwira fumbi la mu Ogasiti n'kusanduka phala. Zikamayandikira zionetsero za pa 12 Malichi kapena 24 Okutobala, ana amapatsidwa Brasso, mwinanso mchenga, kuti akwechese koneti yokutidwa siliva mpaka iwale, osadziwa kuti akuchotsa siliva yemweyo pamodzi ndi zilembo zonena mbiri yake. Kuda kwa siliva si dzimbiri. Madzi ofunda, sopo pang'ono ndi kansalu n'zokwanira, ndipo mavalavu amafuna mafuta ake opepuka.

Ndikumvetsa chifukwa chake makomiti amakonda yatsopano yonyezimira ya m'sitolo. Imaoneka bwino pa ukwati ndipo opereka chopereka amaona kumene ndalama yawo yapita. Zina mwa zatsopanozi n'zabwino ndithu, monga za Yamaha, koma mtengo wake ndi wina. Zotsika mtengo kwambiri nthawi zambiri zimayamba kukakamira mavalavu msanga, pamene Imperial ya Boosey & Hawkes ya m'ma 1960 imene mavalavu ake akadali olimba ingathe kuphunzitsa ana enanso ambiri.

Pempho langa kwa abusa ndi akulu a mpingo ndi laling'ono. Gulani kope limodzi, mulembe lipenga lililonse: dzina, nambala, chaka chimene mwapeza, mlingo wa mawu, ndi chimene chavuta. Koneti imene mpope wake wadyeka ndiponso mavalavu atha, sungani zisoti zake, masipuling'i ndi timipope kuti zikonzere ena, chotsalacho chipite pa sikelo. Ya mlingo wokwera yomwe ili yolimba, funsani oimba a bandi ya apolisi kapena ya asilikali kuti amakonzetsa kwa yani, aitalikitse mpope. Ngati ndalama palibe, ipatseni wophunzira kumene kuti azikalizira yekha kunyumba, koma mumuuze poyera kuti pa gulu adzalizira ina.