Ana athu ayeze mvula pamodzi ndi anzawo a ku Milange

Sukulu yathu ikanena kuti yapeza abwenzi akunja, aliyense amadziwa kale kuti akunena a ku Ulaya. Makalata amapita ku Scotland, zithunzi za ana atanyamula mbande zimatumizidwa, ndipo mlendo akabwera timamuvinira. Sindikunyoza ubale umenewu, pakuti wamanga midadada ndipo wabweretsa mabuku. Koma pa nkhani ya maphunziro a zachilengedwe tasochera. Talumpha anansi amene timamwa nawo mtsinje umodzi n'kukafuna anzathu kutsidya kwa nyanja zamchere.

Namondwe Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu February 2023, n'kuwoloka nyanja yonse ya India. Pa 11 March anagwera kumtunda kwa Mozambique kachiwiri, pafupi ndi Quelimane, ndipo patangopita masiku ochepa matope a m'phiri la Soche anali atakwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'Malawi muno. Mu March 2019 namondwe Idai anasakaza Beira, nakagumula mapiri a Chimanimani ku Zimbabwe, pamene Nsanje ndi Chikwawa anali atamira kale. Mvula ya Freddy imene inapha anthu ku Mulanje ndi Phalombe ndi yomweyo imene inagwa ku Milange, ku Mozambique. Ruo amachokera m'phiri la Mulanje, ndipo pa mtunda wautali ndiye malire athu ndi Mozambique. Shire amakathira mu Zambezi. Songwe timagawana ndi Tanzania. Nanga mwana wa ku Muloza akafuna kumvetsa chifukwa chimene Ruo amasefukira, mnzake woyenera kufunsana naye ali ku Glasgow kapena ali tsidya lina la mlatho?

Ntchito yoti ana a maiko osiyana aziyeza chilengedwe pamodzi si maloto. Pulogalamu ya GLOBE inayamba mu 1995, ndipo lero ili m'maiko oposa 100, kuphatikizapo Kenya, Tanzania ndi South Africa. Ana amayeza mvula, kutentha, mitambo, nthaka ndi madzi motsata njira imodzi, kenako zotsatira zonse amaziika pamalo amodzi pomwe mwana aliyense ndi wasayansi aliyense angathe kuziona. Mphamvu yake yagona pa kuyeza mofanana. Nambala ya sukulu imodzi siuza munthu zambiri, koma ikaikidwa pambali pa nambala ya sukulu ina yomwe ili kumtunda kwa mtsinje womwewo, mwana amayamba kufunsa mafunso enieni.

Ndipo chida choyezera mvula sichifuna wopereka thandizo. Botolo la pulasitiki losapindika m'mbali lidulidwe pamwamba, chidutswacho chitembenuzidwe kuti chikhale ngati fanulo, pansi paikidwe timiyala kuti mphepo isaligwetse, athiremo madzi mpaka pamzere woyambira, rula amangiriridwe m'mbali. Liikidwe pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse, nthawi yomweyomweyo, mwana wa Sitandade 6 agwade, diso lake lilingane ndi madzi, awerenge mamilimita, alembe m'kope, akhuthule mpaka pamzere woyambira. Tsiku lopanda mvula alembe ziro, chifukwa ziro nayenso ndi nkhani. Mwana amene wachita zimenezi kuyambira November mpaka April waphunzira sayansi yoposa amene waloweza tanthauzo la kusintha kwa nyengo kuti akakhoze mayeso.

Tsono tiyerekeze kuti Lachisanu lililonse mphunzitsi wa ku Muloza ajambula tsamba la kopelo n'kutumiza pa WhatsApp kwa mnzake wa ku Milange, nayenso n'kulandira lakwawo. Mchinji achite chimodzimodzi ndi Chipata, Karonga ndi Kyela, Dedza ndi Ntcheu ndi sukulu za ku Angónia. Ana adzaona okha kuti mtsinje ukhoza kudzaza kwawo kusanagwe dontho, chifukwa mvula yagwa kumtunda. Adzafunsa chifukwa chimene madzi amafiira kwambiri kumene mapiri ametedwa mpala ndi ootcha makala, ndipo adzadziwa kuti thumba la makala limawoloka malire mosavuta.

Ena adzati chiyankhulo chivuta, poti anzathu a ku Mozambique amaphunzira m'Chipwitikizi. Amene amanena zimenezi sanaimepo pamsika wa Lizulu, pomwe msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieni ndipo ogulitsa mbatata ndi kabichi a mbali zonse amatsatsana malonda m'Chichewa. Ku Chipata ndi Chinyanja chomwechi. Ku Mulanje ndi Milange kuli Chilomwe ndi Chichewa. Ana amenewa ndi apachibale, ena ndi a mfumu imodzi. Ndi ife akuluakulu a m'maofesi amene timaganiza kuti sayansi siyankhulidwa pokhapokha m'Chingerezi.

Ena adzati aphunzitsi athodwa kale, kalasi imodzi ana oposa 100. Zimenezo n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikukana kuti ntchitoyi ikhale katundu wongosenzetsa mphunzitsi wodzipereka. Ilowe m'silabasi ya sayansi ndi ya masamu, ipatsidwe nthawi yake pa ndandanda wa maphunziro. Makalabu a zachilengedwe amene bungwe loteteza zachilengedwe la WESM lakhala likuthandiza m'sukulu alipo kale, poyambira pasasowe.

Chimene sindingavomereze n'chakuti ana athu akhale otolera manambala chabe, ena kutali n'kumalemba mabuku. Kope likhale la sukulu. Ana a mbali zonse ziwiri akumane kamodzi pachaka, ajambule okha magirafu, akafotokozere makolo ndi mafumu zimene apeza. Nthambi yoona zanyengo iziwayendera, kuwakonzera zolakwika ndi kuwaonetsa choyezera chenicheni. Ana sangalowe m'malo mwa akatswiri ochenjeza za ngozi, koma mudzi umene ana ake amadziwa tanthauzo la mamilimita 100 pa tsiku limodzi sungazengereze chenjezo likamveka pa wailesi.

A Unduna wa Zamaphunziro, simukufunika kudikira msonkhano wa ku hotela. Lemberani anzanu a ku Maputo, Lusaka ndi Dodoma, musankhe sukulu zochepa za m'malire, mvula ya chaka chino isanayambe mabotolo akhale ataima pabwalo.