Fansidar anasiya kuchiza malungo, nanga bwanji amayi oyembekezera akumwabe?

Mayi woyembekezera akapita kusikelo amapatsidwa mapiritsi atatu a SP, omwe ambiri timawatcha Fansidar, ndipo amamwera pomwepo namwino akuona. Ena amadabwa: kodi si mankhwala omwe aja boma linawasiya mu 2007 n'kubweretsa LA?

Ndi omwewo. Mu 1993 Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba kuchiza malungo ndi SP, koma patapita zaka tizilombo tinayamba kusamva mankhwalawa.

SP ali m'gulu la mankhwala okhala ndi sulufule. Gululi linayambira ku Germany mu 1932, pomwe Gerhard Domagk wa kampani ya Bayer anapeza kuti utoto wofiira wotchedwa Prontosil umachiza mbewa zomwe zinapatsidwa mabakiteriya. Mankhwalawa amanamiza kachilombo: amafanana ndi chinthu chomwe iko kamapangira folate, ndiye kakawatenga kamalephera kuswana. Munthu sapanga yekha folate, amaipeza m'zakudya.

Akatswiri anaona kuti akalumikiza kumankhwalawa timphete ta maatomu tosiyanasiyana, nthawi yomwe amakhala m'thupi imasinthanso. N'chifukwa chake Bactrim, wa m'gulu lomweli, amamwedwa tsiku ndi tsiku, pamene SP amakhala m'magazi kwa milungu ingapo. Kukhalitsaku ndiko kukuthandizabe amayi: ngakhale mphamvu yake inachepa, SP amachepetsa vuto la kuchepa kwa magazi komanso kubereka mwana wochepa sikelo. Bungwe la WHO limati mayi amwe katatu kapena kupitirira, kuyambira sabata ya 13, motalikitsa mwezi umodzi.

Makolo ndi alangizi a zaumoyo asamale zinthu zitatu. Mayi amene akumwa kale Bactrim chifukwa cha HIV asamwenso SP, poti onsewa amagwira ntchito mofanana. Munthu akatuluka totupa pakhungu, zilonda m'kamwa kapena maso akafiira atamwa mankhwala a gululi, asiye kumwa n'kuthamangira kuchipatala. Ndipo mwana akatentha thupi, musamugulire Fansidar kapena Bactrim kugolosale. Akayezetse magazi kaye.

Kumwa mankhwala mwachisawawa ndiko kumaphunzitsa tizilombo kusawamva. Chloroquine atachotsedwa, kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2006 anasonyeza kuti wayambanso kugwira ntchito. Choncho mphamvu yomwe SP watsala nayo tingathe kuisunga, koma tikamugwiritsa ntchito pokhapokha achipatala atanena.