Khofi Ngwabwino, Koma Nkhokwe Isagwe



Sabata yatha pa msonkhano wa gulu lathu mayi wina adaimirira ndi funso. Adati bambo a kunyumba kwake amva kuti khofi ali ndi ndalama, tsono afuna kuti munda wonse wa chimanga abzalemo khofi. "Kodi ndivomere?" adatero mayiyo. Ine ndidamuyankha ndi mbiri ya dziko lathu lino, ndipo lero ndifuna kuti nanunso muimve.

Ambiri timayesa kuti fodya ndiye mbeu yoyamba imene Malawi adagulitsa kwambiri kunja. Ayi ndithu, adayamba ndi khofi. M'chaka cha 1878 mzungu wina wosamala dimba la Mishoni ya Blantyre, dzina lake Jonathan Duncan, adabwera ndi timitengo ta khofi kuchokera ku Edinburgh, m'dziko la Scotland. Kamodzi kokha ndiko kadapulumuka, koma njere zake zidafalikira. Mzungu winanso, John Buchanan, adatsegula minda ku Zomba, ndipo m'zaka za m'ma 1890 khofi adafika mpaka ku Mulanje ndi ku Thyolo. Boma la atsamunda lidamunyadira kotero kuti lidajambula mtengo wake pa mbendera.

Nanga ankalima ndani? Makolo athu. Ena ankapita kukafuna ndalama ya msonkho wa nyumba, ena ankagwira thangata chifukwa malo awo adali atasanduka a azungu. Popeza njanji kudalibe, amtengatenga ankasenza matumba pamutu kutsika nawo mapiri mpaka ku mtsinje wa Shire, kumene sitima zinkawatenga kupita nawo ku Chinde, kugombe la nyanja ya mchere.

Cha m'ma 1900 malonda adafika pachimake, koma chimwemwe sichidakhalitse. Dziko la Brazil lidakolola khofi wochuluka zedi, mtengo wake nkugwa pa dziko lonse. Kuno kwathu chilala ndi tizilombo zidaonjezera mavuto. Patangopita zaka zochepa eni minda adazula mitengo ija nayamba thonje, fodya ndi tiyi. Taonani amayi, khofi wa ku Zomba adagwetsedwa ndi alimi a kutsidya kwa nyanja amene makolo athu sadawaonepo.

Sindikunyoza khofi ayi. Lero lino alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya, ku Nkhata Bay ndi ku Ntchisi akumulima, ndipo ambiri amagulitsa kudzera m'bungwe lawo la Mzuzu Coffee. Khofi akapita kunja dziko limapeza ndalama zogulira mankhwala, mafuta ndi feteleza. Mabanja enanso akulipira nazo sukulu ya ana. Koma mtengo wa khofi saupanga pamudzi pano, ndipo mwana akalira njala usiku simungamuphikire khofi. Paja akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Tsono ngati kwanu nkozizira, kumapiri kumene khofi amalola, malangizo anga ndi awa.

Choyamba, kumbukirani kuti khofi amatenga zaka zitatu kapena zinayi asanayambe kubereka. Khalani pansi ndi bambo, muwafunse mwaulemu kuti banja lidzadya chiyani zaka zimenezo. Mugwirizane kubzala chigawo chimodzi chokha, kwinako kukhale chimanga, nyemba ndi mbatata. Nthochi zimakhala bwino pamodzi ndi khofi, zimapereka mthunzi ndiponso chakudya.

Chachiwiri, pothyola sankhani zipatso zofiira zokha, ndipo muzipereke kokamenya tsiku lomwelo. Zosakaniza ndi zaziwisi zimatsitsa mtengo.

Chachitatu, popeza kupalira ndi kuthyola kumagwera ife amayi, pemphani kuti nanunso dzina lanu lilembedwe m'kaundula wa bungwe. Dziwani makilogalamu amene mwapereka ndi ndalama zimene zabwera. Kumeneko si kuderera bambo ayi, koma kuthandizana, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Inunso amayi a m'tauni nkhaniyi ikukukhudzani. Nyumba yodalira malipiro a bambo okha ifanana ndi dziko lodalira mbeu imodzi. Kadimba kuseri kwa nyumba, nkhuku zingapo, kapena kusoka, zidzakuimikani tsiku limene ntchito idzatha.

Mayi uja adapita kwawo kukakambirana ndi bambo. Ife tonse tikudikira msonkhano wa mwezi wa mawa kuti timve m'mene adagwirizanirana.

Tsalani bwino, amayi.